Mathithi a Shire: Sitima ya Pamutu ndi Magetsi a Dziko Lonse

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Moni a kumtunda, kwa Dambe ndi ku Nsambe, kumene mwina mwafunda kale chifukwa cha chisanu. Moni a ku Ligowe, a ku Matandani ndi a pa boma. Moni a kumunsi kotentha, ku Lisungwi, pa Zalewa, ku Matope. Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya mbiri, chiyankhulo ndi luso la makono, ndipo lero tikhala pa mtsinje wa Shire, makamaka chigawo chake chimene chimalekanitsa boma lathu la Neno ndi boma la Blantyre.

Ambiri a ife timaudziwa Shire ngati mtsinje wowoloka pa mlatho wa pa Zalewa tikamapita kutauni. Timasuzumira pawindo la minibasi, n'kuona madzi akuyenda, basi tadutsa. Koma kumtunda ndi kumunsi kwa mlatho umenewo kuli mathithi amene anasintha mbiri ya dziko lino kawiri konse, ndipo maulendo onse awiri katundu wake anasenza ndi anthu a m'chigwa chomwe chino.

Tiyambe ndi mtsinje weniweniwo. Nyanja ya Malawi imalandira madzi kuchokera m'mitsinje yambiri ya kuno kwathu, ya ku Tanzania ndi ya ku Mozambique, koma khomo lotulukira ndi limodzi lokha, Shire. Amatuluka ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, kufika ku Liwonde akuyenda mwaulesi, bwato n'kumapalasa bwinobwino. Akangopitirira Matope, khalidwe limasintha. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, mtsinjewu umatsika mamita oposa 350, ukudumpha pamiyala: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, mpaka Kapichira ku Chikwawa. Kuchoka apo umafatsanso mpaka kukathira mu Zambezi. Musaiwale nambala ziwirizo, makilomita 80 ndi mamita 350, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pamenepo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

M'chaka cha 1858, David Livingstone anali ndi maganizo akuti Zambezi akhala msewu wa sitima zapamadzi zolowera m'kati mwa Africa. Mathithi a Cahora Bassa, kumtunda kwa Tete, anamutsekera njira. Ndiye anatembenukira ku Shire. Mu Januwale 1859 anakwera mtsinjewu pa sitima yake yotchedwa Ma Robert, koma atafika pa Kapichira anapezanso miyala ndi madzi olusa. Mathithiwo anawatcha dzina la Murchison, polemekeza Sir Roderick Murchison, mkulu wa bungwe la akatswiri a malo ku London, ngakhale eni dera anali nawo kale maina a mathithi onsewo, ndipo maina amenewo ndi amene atsala pakamwa pathu lero. Kunyanja anakafika wapansi mu Sepitembala chaka chomwecho.

Sanagwe mphwayi. Anaitanitsa sitima ina, Lady Nyassa, yolipira ndi ndalama za m'thumba mwake, yopangidwa moti itha kumasulidwa n'kunyamulidwa zidutswazidutswa. Mu 1863 anayamba kulambula msewu wolambalala mathithi, koma m'chigwa munali njala yoopsa ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo boma la kwawo linamulembera kuti abwerere. Lady Nyassa sinaione nyanja imene anaipangira. Livingstone anaiwolotsa nyanja yamchere mpaka ku Bombay, ku India, mu 1864.

Chimene chinamukanika iye chinatheka patapita zaka 12. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dera la Ilala ku Zambia wa lero, a mpingo wa Free Church ku Scotland anatumiza gulu lotsogozedwa ndi Edward Young, ndipo m'gulumo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi kasitima ka nthunzi, kotalika mamita pafupifupi 15, n'kukatcha Ilala. Atafika pansi pa mathithi mu Sepitembala 1875, anakamasula konse: malata a m'mbali, nthiti zake zachitsulo, injini, mabawuti, chilichonse payekhapayekha.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike pang'ono. Amene anasonkhanitsa anthu onyamula anali mafumu a Amakololo, amuna amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kutsalira m'chigwa cha Shire, monga Kasisi, Chipatula ndi Maseya. Onyamulawo ambiri anali Amang'anja, ndipo mabuku a mbiri amati analipo pafupifupi 800. Inu a ku Lisungwi ndi ku Nkula mukudziwa mmene dzuwa la Sepitembala limaombera m'chigwamu. Mwala umatentha moti phazi lopanda nsapato silichedwapo. Mitengo imakhala itayoyola masamba, mthunzi n'kusowa. Ndiye taganizirani munthu wapinda nkhata yake ya udzu, waika pamutu, mnzake n'kumutwika lata lachitsulo limene lakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Lata lija likutentha, m'mphepete mwake mukucheka zala, mphepo ikaomba likumukankhira kuphompho. Njira ndi yokwera ndi kutsika m'makwalala, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Malipiro ake, mikono yowerengeka ya nsalu.

Anthu amenewa anayenda okha m'tchire, panalibe wowalondera aliyense payekha, ndipo chitsulo masiku amenewo chinali chuma: kachidutswa kamodzi kakanatha kusulidwa khasu kapena nkhwangwa. Koma azungu aja analemba okha kuti atawerengera katundu kumtunda kwa mathithi, palibe chimene chinasowa. Anakalumikizanso kasitimako, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi, n'kukakocheza ku Cape Maclear. Inali sitima ya nthunzi yoyamba kuyandama pa nyanja zikuluzikulu za m'kati mwa Africa. Maina a Young ndi Laws ali m'mabuku a sukulu, ndipo n'koyenera kutero. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu amaloweza tsiku limene sitima inalowa m'nyanja, osauzidwa kuti inafikako pamitu ya makolo awo.

(NYIMBO YA CHIKHALIDWE, MPHINDI IMODZI)

Ulendo wa Ilala unatsegula njira imene inagwira ntchito zaka zambiri. Mu 1876 mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa, ndipo mu 1878 kunabwera kampani yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene tonse timaidziwa kuti Mandala. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankatsitsidwa kumunsi kwa mathithi, kwa Katunga, n'kukwera wapamutu mpaka ku Blantyre, kuchoka apo n'kutsikira ku Matope, kumene sitima zina zinkadikira kuti zimutengere kunyanja. Matope amene lero ena amangomva dzina lake linali doko lalikulu. Nsalu, mchere, mabelu a matchalitchi, makina osindikizira mabuku, ngakhale zidutswa za sitima zina, zonse zinkadutsa pamenepo pamitu ya amtengatenga. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kenako n'kupitirira mpaka ku Salima m'ma 1930, ntchito ya doko ija inazilala.

Njira imeneyi inakhudzanso chiyankhulo chathu. Amishoni a ku Blantyre ankakhala ndi kuyenda pakati pa Amang'anja, ndipo mawu amene ankamva m'midzi, pamilandu ndi paulendo ndi amene ankalemba. M'chaka cha 1892 David Clement Scott, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, yofotokoza mawu pamodzi ndi miyambo yake. Alexander Hetherwick anaikonzanso n'kuitulutsa mu 1929 ngati dikishonale ya Chinyanja. Pamakina osindikizira a mishoniyo pankagwira ntchito Mmalawi waluso, Mungo Chisuse, amenenso ankajambula zithunzi. Dzina lakuti Chichewa linakhazikitsidwa ngati la chiyankhulo cha dziko mu 1968. Choncho mwana wa kwa Symon kapena kwa Mlauli akamayankhula monga ankayankhulira agogo ake, mnzake wa kutauni asamuseke kuti akuphotchola. Mayankhulidwe a m'chigwa cha Shire ndi ena mwa oyambirira kulowa m'mabuku, ndipo kuno ku Neno anakumana ndi mayankhulidwe a Angoni otsika kuchokera ku Ntcheu. Chimenecho ndi chuma, ndipo aphunzitsi athu achisunge.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tidumphe zaka 91, kuchoka pa 1875 kufika pa 1966. Dziko linali litangolandira ufulu wodzilamulira zaka ziwiri m'mbuyomo. Miyala ija imene inkatsekereza sitima, akatswiri anaiona ndi diso lina: pamene madzi akugwa, pali mphamvu. Mu 1965 anamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndipo mu 1966 siteshoni ya Nkula A inayamba kupanga magetsi, makina atatu opereka mamegawati 24 onse pamodzi. Tedzani woyamba anabwera mu 1973, wachiwiri mu 1977. Nkula B, wa makina asanu ndi mamegawati 100, anamangidwa pang'onopang'ono kuyambira 1980 mpaka 1992. Tedzani wachitatu anatsatira m'ma 1990, Kapichira mu 2000, ndipo Tedzani wachinayi, womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, anatsegulidwa mu 2021. Nkula A anakonzedwanso, mphamvu yake n'kukwera kufika pa mamegawati pafupifupi 36. Kuyambira 2017, opanga magetsi ndi EGENCO, pamene ESCOM ndi imene imawanyamula pamawaya n'kuwagulitsa.

Mayi wina wa ku Magaleta anatitumizira uthenga pafoni kufunsa kuti: kodi magetsiwo amawasefa m'madzi? Nanga madzi akachotsedwa magetsi, amakhalanso abwino kumwa? Zikomo mayi, funso lanu ndi labwino, ndipo ambiri ali nalo koma amachita manyazi kufunsa.

M'madzi mulibe magetsi. Chimene chimatengedwa ndi mphamvu ya kugwa kwake. Mukukumbukira dayinamo ya njinga, ija inkakhudza tayala n'kuyatsa nyali? Ukapalasa pang'ono, nyali inkangoti phethiphethi, ukathamanga, inkawala. M'kati mwa kabotolo kachitsulo kaja muli maginito ozungulira pakati pa waya wamkuwa wokulungakulunga. Maginito akamazungulira pafupi ndi waya wotere, m'wayamo mumayenda magetsi. Anatulukira zimenezi ndi Michael Faraday wa ku England mu 1831. Ku Nkula kuli dayinamo yomweyo, kungoti ndi yaikulu kuposa nyumba, ndipo wopalasa wake ndi Shire.

Zimayenda chonchi. Kumtunda kwa mathithi kuli damu lokweza madzi. Madziwo amalowa pakhomo lotchingidwa ndi zitsulo zoima ngati mpanda, zoletsa zinyalala ndi zipika. Kenako amayenda m'ngalande yoboola pansi pa thanthwe, n'kutsetsereka m'mipope ikuluikulu kupita kumunsi, kumene amakamenya mapiko a gudumu lachitsulo lotchedwa tebaini. Gudumulo likamazungulira limazunguza mtanda wachitsulo wolumikiza ku jenereta. Madzi aja akamaliza ntchito amabwerera mu Shire ali chimodzimodzi, osachepa ngakhale chikho chimodzi, ndipo madzi omwewo amakazunguzanso makina a Tedzani, kenako a Kapichira. Ndiye mayi, madziwo sanachotsedwe kanthu. Kuwiritsa kapena kuthira mankhwala musanamwe n'kofunika chifukwa cha tizilombo, osati chifukwa cha magetsi.

Mphamvu imadalira zinthu ziwiri: kutalika kwa pamene madzi akugwa, ndi kuchuluka kwa madziwo. Tiyerekeze madzi akugwa mamita 50. Kuti makina amodzi a mamegawati 20 agwire ntchito mokwanira, pamafunika madzi odzaza migolo ya malita 200 yoposa 200 pa sekondi iliyonse. Sindinati pa ola, ndati pa sekondi. Mukangophethira kamodzi, migolo yonseyo yadutsa, ndipo amenewo ndi makina amodzi okha.

Magetsi akatuluka mu jenereta amapita ku thiransifoma imene imawakweza kufika pa mavoti 66,000 kapena 132,000, chifukwa akakwezedwa chonchi satayika ambiri panjira yaitali. Akayandikira kwa ogwiritsa ntchito amatsitsidwanso pang'onopang'ono mpaka mavoti 230 a m'nyumba. N'chifukwa chake mawaya a pansanja zazitali odutsa m'minda mwathu sangangolumikizidwa kunyumba imene ili pansi pake: pamafunika thiransifoma yotsitsa, ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri. Ndipemphenso makolo, ana asakwere nsanja zimenezo pofuna zisa za mbalame. Magetsi amphamvu chotere amadumpha, sadikira kuti uwakhudze.

Chinanso chofunika kudziwa: magetsi a m'mawayawa alibe nkhokwe. Amene mukuwagwiritsa ntchito panopa akupangidwa panopa. Ofuna magetsi akachuluka kuposa amene makina akutulutsa, madera ena amayenera kuthimitsidwa kuti makina onse asagwe pamodzi. Kuthimathima kuja gwero lake nthawi zambiri limakhala limeneli.

(NYIMBO, MPHINDI IMODZI)

Kudalira mtsinje umodzi kuli ndi zoopsa zake, ndipo mbiri inatichenjeza kale. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka khomo, ndipo Shire analeka kutulutsa madzi a m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibenso mapampu a pa Walker's Ferry amene lero amakankhira madzi akumwa ku mzinda wa Blantyre. Zitachitikanso lero, mzinda ungakhale mumdima ndi ludzu nthawi imodzi. Tinalawako pang'ono mu 2016 ndi 2017, pamene nyanja inatsika, magetsi n'kumathima tsiku lathunthu, mpaka dziko linabwereka majenereta a dizilo okwera mtengo.

Madzi akachuluka, vuto limakhalanso lina. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yoposa chaka. Palinso namasupuni ndi udzu woyandama zimene zimatseka zitsulo za pakhomo la madzi, ndi matope amene amadzaza madamu, mchenga wake n'kumapala mapiko a tebaini.

Matope amenewo ndi nthaka ya m'minda mwathu. Imani pa mlatho wa Lisungwi mvula yoyamba ikagwa, muone mtundu wa madzi: ofiira, olemera, onyamula mapesi ndi timitengo. Lisungwi ndi Wamkulumadzi amatsika kuchokera m'mapiri a Kirk Range, ndipo chilichonse chimene akokolola chimakathera ku Kapichira. Mlimi wataya chonde, dziko lataya magetsi, ndi dothi limodzi lomwelo.

Apa ena amathamangira kuloza chala owotcha makala, amene matumba awo timawaona atandandalika m'mbali mwa msewu wa Zalewa, kapena atamangidwa atatu anayi panjinga, mwini wake akukankha chitunda thukuta lili kamukamu. Zoona, mitengo yatha, ndipo uvuni uliwonse ndi mitengo ingapo yachilengedwe imene inatenga zaka makumi kuti ikule. Koma makalawo sakuphikira nsima ya ku Neno. Akupita ku Blantyre, m'nyumba zimene zili ndi mawaya, kumene anthu amaphikira pa mbaula chifukwa mayunitsi awakwerera mtengo kapena magetsi athima. Bambo wokankha njinga uja akufuna fizi ya mwana ndi thumba la chimanga. Kumulanda njinga osamupatsa njira ina yopezera ndalama sikubwezeretsa mtengo ngakhale umodzi. Zimene zimathandiza tikuzidziwa: kusamalira ziphukira za zitsa m'malo modikira mbande zokha, kusiya udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mitsinje, akalozera ndi vetiva m'minda yotsetsereka, mbaula za chitetezo zosadya nkhuni zambiri, njuchi m'nkhalango za m'midzi. Mafumu amene anaika malamulo a nkhalango n'kuwatsata, mapiri awo akuoneka kusiyana ndi a anzawo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nditsirize ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linali ndi anthu oposa 138,000. Kalembera yemweyo anasonyeza kuti m'dziko lonse, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi zinali pafupifupi 4 pa 100. Ife ndife boma la kumudzi. Mwana wa sitandade 8 amene kwawo kumamveka mkokomo wa Tedzani usiku amawerenga ndi tochi ya mabatire. Mayi amayenda mtunda kukagayitsa pachigayo cha dizilo, mawaya akulira pamwamba pa mutu wake. Ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ya MAREP, yafika m'misika ina, ndipo pamene yafika mwaona nokha kusintha: wowotcherera zitsulo, wometa, firiji yosungira katemera kuchipatala, makina opatsa wodwala mpweya. Masola nawo athandiza kuunikira ndi kutchaja mafoni. Koma sola ya padenga siizunguza chigayo, ndipo siisunga manachesi, tomato ndi mbatatesi zathu kuti zisaole podikira galimoto.

Zikubwera n'zazikulu kuposa zimene tanenazi. Mawaya a mavoti 400,000 olumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka njira yake yadutsa mu Mwanza ndi muno mu Neno. Pa Mpatamanga pakonzedwa ntchito ya madamu awiri ndi mamegawati pafupifupi 350, ndipo mu 2025 World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni pa ntchitoyo. Dziko likuwafuna magetsi amenewa, ndipo ine ndikuwafuna. Koma damu likadzaza, minda, madimba, msipu ndi manda a midzi ina zidzakhala pansi pa madzi.

Choncho kukaitanidwa msonkhano wa ntchito zimenezi m'dera lanu, pitani, amayi ndi abambo omwe, achinyamata musatsale. Pemphani kuti zonse zifotokozedwe m'Chichewa, ndi kuti mapepala amene mukusaina akuwerengereni m'Chichewa musanadinde chala. Funsani kuti madzi adzalekeza pati, ndipo akuonetseni pamalo penipeni, osati papepala pokha. Funsani mmene akuwerengera mtengo wa munda, wa mtengo wa mango, wa dimba la m'mbali mwa mtsinje, ndi kuti mayi amene amalima munda wa kwawo dzina lake lilembedwa pati. Funsani za manda. Funsani kuti ana a m'deralo adzaphunzitsidwa ntchito ziti kupatula kukumba ndi kunyamula. Ndipo funsani kuti ndi midzi iti, masukulu ati ndi zipatala ziti za ku Neno zimene zidzalumikizidwe ku magetsiwo, chaka chiti, ndipo yankho lake lilembedwe, makope ake asungidwe kwa amfumu ndi ku khonsolo.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za njanji ya malasha yochokera ku Moatize, imene imadutsa m'boma lathu lino kupita ku Nkaya mpaka kudoko la Nacala. Amene muli ndi mafunso, kapena agogo amene akukumbukira kumangidwa kwa Nkula, tumizani uthenga kuno kuwailesi, tidzabwera ndi chojambulira mawu. Tsalani bwino, mugone bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)